Zingwe za pa Dooko la Luangwa

Munthu wocoka ku Chipata kulinga ku Mfuwe ayenda makilomita oposa 100, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo njotsika. Msewu upyola minda ya cimanga ndi nshawa ya kumtunda, nutsetsereka m'mapiri kufikira utalowa m'dziko la Akunda, limene eni ake amalicha Malambo. Kuno ndiko ku boma la Mambwe. Mafumu ake ndi asanu ndi mmodzi: a Nsefu, amene ndiwo aakulu, a Jumbe, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Msoro ndi a Malama. Dziko nlotentha, mitengo ya tsanya, imene ena amati mupani, iri ponseponse, ndipo m'minda muli thonje, mapira ndi mpunga wa m'madambo.

Kumene msewu uthera kuli mtsinje wa Luangwa. Mtsinjewu ucokera ku mapiri a Mafinga kumpoto, nuyenda makilomita oposa 700 kukathira mu Zambezi pa tauni ya Luangwa, imene kale dzina lake linali Feira. Tsidya lake kuli nkhalango ya nyama ya South Luangwa, imene inakhala National Park mu 1972. Ulalo wolowera m'nkhalangoyo uli pa Mfuwe. Kutali ndi ulalowo, wofuna kuoloka adalira bwato kapena pontuni.

Pa Luangwa palibe ngalawa ya thanga, ndipo cifukwa cake ncoonekeratu. M'cilimwe madzi aphwa, natsala m'mikwasa yokhotakhota pakati pa mcenga. M'dzinja mtsinje udzaza, nuthamanga ndi zitsa ndi mitengo yathunthu. Ndiponso sukhala malo amodzi. Caka ndi caka ugumula gombe lina ndi kuunjika mcenga ku gombe linzake, ndipo nthawi zina usiyiratu njira yake yakale, monga unacitira pa thamanda la Luangwa Wafwa. Mu Febuluwale 2007 madzi anasefukira kufikira kulowa m'nyumba za anthu ndi m'misasa ya alendo ya ku Mfuwe. Mtsinje wotere sufuna thanga. Ufuna nkhafi, mponda ndi cingwe colimba.

Mapontuni a kuno agwira nchito m'miyezi ya cilimwe, madzi atatsika, ndipo aolotsa magalimoto a alendo oona nyama pamodzi ndi anthu a m'midzi ogwira nchito m'misasa. Pontuni ndi thandala la matabwa loyandama pa madzi. Cingwe ca waya cimangidwa ku gombe lino ndi ku gombe la tsidya, ndipo amuna acikoka ndi manja kapena ndi timitengo tosema mpata wokola cingweco. Woyang'ana ali kumtunda aona thandala ndi mphamvu za okoka. Koma katundu yense, galimoto ndi anthu omwe, alendewera pa tizitsulo tocepa kwambiri: zopanira zogwira nsonga ya cingwe, mphete zolumikizira, mabauti ndi manati. Nati imodzi ikamasuka, cingwe ciyamba kupulumuka pang'onopang'ono popanda phokoso. Pansi pa thandalalo pali mvuu ndi ng'ona, pakuti Luangwa ndi umodzi mwa mitsinje ya mu Africa yokhala ndi mvuu zoculuka koposa.

Nzeru ya kusamala tizitsulo totere inakula kwambiri pakati pa amalinyero, ndipo amalinyero oyandikana ndi Malambo ali ku Nyanja ya Malawi. Dziko lino ndi nyanjayo zinadziwana kale. M'zaka za m'ma 1800 minyanga ya njobvu ya m'cigwa ca Luangwa inkasenzedwa pamutu kupita kum'mawa, ina mwa iyo kukafika ku Nkhotakota. Kumeneko Salim bin Abdallah, wochedwa Jumbe, anakhazikitsa malonda ake ca m'ma 1840, ndipo ngalawa zake za thanga zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa. David Livingstone atafika ku Nkhotakota mu 1863 anapeza ngalawa yotere ikukhomedwa pagombe, ndipo mu Disembala 1866 iye yemweyo anaoloka Luangwa kumtunda kwa Mfuwe. Malonda oipa a akapolo anatha, koma luso la thanga linatsala kwa asodzi ndi amalonda a m'mbali mwa nyanja, makamaka pakati pa cisumbu ca Likoma ndi gombe la Mozambique.

Mtima wa ngalawa ya thanga ndiwo mlongoti. Tsinde lake likhala m'dzenje losemedwa pansi pa ngalawa, thunthu lake limangidwa ku mtanda wopingasa, ndipo kunsonga kwake kucokera zingwe zopita m'mbali kuti usagwe. Kunsonga komweko kuli kagudumu kapena cibowo podzera cingwe cokwezera thanga. Mphepo yonse imene ikankha ngalawa idzera pa mfundo zimenezi. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti panyanja paomba mwera, mphepo yamphamvu yocokera kum'mwera, ndipo mlongoti ukathyoka pakati pa mafunde, ngalawa isanduka cipika copanda ciongolero.

Citsulo ca pa mlongoti sicimasuka tsiku limodzi. Ngalawa ikamagwedezeka, bauti isuntha pang'ono m'cibowo cake. Kusunthako kukuza cibowo, madzi alowamo, mtengo uyamba kufumbwa, citsulo cicita dzimbiri, ndipo bauti isunthanso koposa kale. Zizindikiro zake ndi mzere wofiira wa dzimbiri wotsika pa mtengo, kulira kwa citsulo mphepo ikaomba, ndi cingwe cimene cikhwepa ngakhale cinakungidwa dzulo.

Wosadziwa atenga sipanala, namanga nati, nayesa kuti nchito yatha. Koma nati yomangidwa pa mtengo wofumbwa ingomira m'mtengomo, ndipo mawa idzakhala itamasukanso. Mmisiri weniweni ayamba wakokera ngalawa kumtunda ndi kugoneka mlongoti pansi. Acotsa bauti yonse, nabaya mtengo ndi nsonga ya mpeni mozungulira cibowo. Mpeni ukalowa mosabvuta, asema pofumbwapo kufikira atapeza mtengo wamoyo, nakhomerapo cigamba ca mtengo wolimba, naboola cibowo catsopano colingana ndi bauti. Bauti yodyeka ndi dzimbiri siibwezedwa. Yatsopano ilowa yopakidwa girizi kapena phula, ndi kacitsulo kaphanthiphanthi mbali zonse ziwiri kuti mutu wake usamire m'mtengo. Potsiriza aikapo nati yaciwiri yopanikiza yoyamba, kapena amanga ndi waya, kuti kugwedezeka kusaipotolenso. Kufumbwa kukapitirira, palibe cigamba cothandiza. Mlongoti wonse usinthidwa.

Ngalawa zamakono ziri ndi milongoti ya aluminiyamu, yofanana ndi ya mapoto ophikira. Nayonso iri ndi nthenda yake. Pamene citsulo ca mtundu wina cikhudzana ndi aluminiyamu pamalo a cinyezi, pamatuluka ufa woyera, ndipo misomali yogwira citsuloco imasuka. Mankhwala ake ndi amodzimodzi: kucotsa, kuyeretsa, kuona ngati pali mng'alu, kupaka mafuta olekanitsa zitsulo ziwirizo, ndi kukhoma misomali yatsopano yodzaza cibowo.

Lamulo la mlongoti ndilo lamulo la dooko. Cingwe ca pontuni cipindidwa kunsonga kuti cikole mzati kapena mtengo waukulu wa pagombe, ndipo mpindowo ugwidwa ndi zopanira. Zopanirazo zisacepere zitatu, ndipo zonse ziyang'ane mbali imodzi. Copanira ciri ndi mbali ziwiri, kampando kosalala ndi kacitsulo kopindika ngati goli. Kampando kakhale pa cingwe cacitali cimene cisenza katundu, goli likhale pa kamcira kotsala, cifukwa goli likapana cingwe cacitali licitswanya ndi kucifooketsa. Cingwe catsopano cikakoka katundu koyamba cimaonda pang'ono, motero manati ayenera kumangidwanso pambuyo pa maulendo oyamba. Timawaya tothyoka toturukira pafupi ndi zopanira ndi cenjezo lakuti mbali imeneyo idulidwe, cingwe cimangidwe pamalo abwino.

Pa Luangwa pali cinthu cina cimene wa kunyanja sacidziwa. Mzati ungakhale wolimba, zitsulo zonse zingakhale zatsopano, koma gombe lenilenilo likhoza kudyedwa kunsi. Mtengo wa mcenja umene unali kutali ndi madzi caka catha ukhoza kupezeka caka cino mizu iri pamtunda. Ncifukwa cake dooko liyenera kuyenderedwa mwatsopano dzinja liri lonse likatha, ndipo pomangira cingwe pabwezedwe kumbuyo ngati madzi ayandikira.

Mabanja ambiri a m'Mambwe sakwera pontuni, koma nkhaniyi siiwapitirira. Mvula ikagwa, mtsinje wa Lupande ndi timitsinje tinzake tidzaza, ndipo midzi ina ya kwa Msoro ndi kwa Malama itsala yokha. Mai wodwala wopita ku cipatala ca Kamoto kapena ku Msoro, mwana wopita ku sukulu, mlimi wotenga mbeu, onse adalira bwato, njinga kapena ngolo. Bwato liri ndi unyolo wake womangira ndi zigamba zokhomedwa ndi misomali. Njinga iri ndi manati a gudumu ndi a mabuleki. Ngolo iri ndi bauti imene igwira mtanda wokokera. Mjigo wa pamudzi nawonso uli ndi mabauti amene, akamasuka, amadya cibowo kufikira mpini utathyoka ndipo mudzi wonse ubwerera kukatunga kumtsinje kumene kuli ng'ona.

Nthawi yoyang'ana zonsezi ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa liri phwee, mitengo iri youma, msewu wopita kokagula bauti ukali wotseguka. Mwini bwato aligubuduze pamcenga, alibaye ndi mpeni monga acitira mmisiri wa kunyanja. Mwini ngolo agwedeze gudumu liri lonse ndi manja, amve ngati likulira. A nyakwawa ndi makomiti a mijigo asunge sipanala ndi girizi pamalo odziwika, ndipo woona citsulo cogwedera pa dooko auze oyendetsa tsiku lomwelo, asayembekeze kuti wina adzanena. Akuluakulu anati mtsinje wa tinkanena unathera mu si izi. Bauti yatsopano igulidwa ndi ndalama zocepa pa Jumbe kapena pa Mfuwe, ndipo kuimanga kutenga mmawa umodzi wokha, madzi asanabwere.