Ngozi Zathu Sizigwa Mwadzidzidzi

Pa mawu onse amene ndimakumana nawo pa ntchito yanga yomasulira, amene amandilemera kulemba ndi akuti "ngozi zogwa mwadzidzidzi". Mawuwa anakhazikika kale ku Malawi. Wailesi imawatchula, nyuzipepala zimawalemba, ndipo nthambi ya boma yoona za madzi osefukira, chilala ndi anamondwe imadziwika ndi dzina lomweli. Ndikapatsidwa chikalata cha Chingerezi choti chikafike kwa anthu akumudzi, ndimadziwa kuti mwini chikalata akuyembekezera mawu amenewa. Komabe dzanja limakana pa liwu lomalizalo. Chogwa mwadzidzidzi ndi mphenzi. Chinthu chimene chakhala chikubwera kwa zaka zoposa makumi atatu, aliyense akuchiona, sitingati chatidzidzimutsa.

Tawerengani zaka. Mu Malichi 1991 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukwirira midzi ku Phalombe. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga anadutsira ku Zomba mu 1946. Chaka chomwecho cha 1991 dziko linakhazikitsa lamulo loona za ngozi zotere, lamulo lomwe mphamvu yake inagona pa kugawa thandizo zinthu zitaonongeka kale. Kenaka kunabwera madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Lamulo latsopano, lotsindika kupewa, aphungu analivomereza mu Epulo 2023, mwezi umodzi chidutsireni namondwe Freddy, maliro a ku Chilobwe titaika kale. Omwalira ndi osowa pa namondweyo anaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo.

Matope amene anakwirira Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, anachokera m'phiri la Soche. Papepala, phirili ndi nkhalango yotetezedwa ndi lamulo. Ife okhala mumzindawu tinaliona likumetedwa mpala chaka ndi chaka, nyumba zikukwera mmwamba mmene munali mitengo. Anthu sakwera phiri chifukwa chokonda mphepo. Amakwera chifukwa malo abwino m'tauni ndi a ndalama zambiri, ndipo boma silinakonze malo okwanira oti munthu wolandira zochepa amangepo. Amaphikira makala chifukwa magetsi alibe, kapena alipo koma sayaka. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale mabanja okhala ndi mbaula zamagetsi anabwerera ku thumba la makala. Madzi saiwala khwawa. Mizu yogwira nthaka itatha, anangotsika njira yawo yakale.

Kolera nayo inatsata khwawa lomwelo. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unafalikira m'maboma onse n'kupha anthu oposa 1,700, chiwerengero chomwe dziko lino linali lisanaonepo pa matendawa. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Kolera si matenda ovuta kuwamvetsa. Amafala pamene chimbudzi cha munthu chasakanikirana ndi madzi akumwa. Mankhwala ake enieni ndi mipope, zimbudzi zabwino ndi ngalande zosatsekeka. Zonsezi ndi ntchito ya amene amatolera misonkho yathu.

Pa nthawi imeneyo ndinamasulira mauthenga ambiri a zaumoyo, ndipo ndinaona chinthu chimodzi chobwerezabwereza. Mawu onse olamula amaloza munthu wosauka. Sambani m'manja ndi sopo. Wiritsani madzi. Lekani kudula mitengo. Samukirani kumtunda. Malangizowa ndi oona, ndipo amapulumutsa miyoyo. Koma mayi wa ku Bangwe amene mpopi wa m'dera lake wauma masiku atatu asamba ndi chiyani? Awiritsa madziwo ndi makala omwe mwamuletsa aja? Kumtunda kumene mukuti asamukire, malo ake ndi a yani? Nkhani ikafika pa udindo wa akuluakulu, wochita ntchito amasowa m'chiganizo. "Anthu anachenjezedwa." "Mitengo inadulidwa." "Malo anagawidwa mosatsata malamulo." Anagawa ndani? Anasaina ndani? Amayenera kuletsa anali kuti? Chichewa chimalola kubisa mwini ntchito motere, monganso Chingerezi, ndipo maofesi anaudziwa bwino mwayi umenewu.

Kusintha kwa nyengo ndi koona, ndipo amene anadzadza utsi mumlengalenga si alimi a ku Nsanje kapena asodzi a ku Quelimane, kumene Freddy anafikira asanalowe kwathu. Atsogoleri athu akamauza maiko olemera kuti alipire zimene anaononga, ndimakhala nawo mbali imodzi. Koma ngongole ya maikowo siifafaniza ngongole ya boma kwa ife. Si London kapena Beijing amene analephera kuteteza Soche, Ndirande ndi Michiru. Lamulo loletsa mapepala apulasitiki opyapyala linalengezedwa mu 2015, makhoti n'kulivomereza mu 2019, koma kwa zaka zambiri majumbo anapitirira kutseka ngalande ndi kudzaza mtsinje wa Mudi.

Liwu loti "mwadzidzidzi" limakhululukira munthu asanafunsidwe n'komwe. Ndikanakonda tizinena kuti "ngozi zodziwika kale", chifukwa zikatchedwa choncho mafunso amabwera okha, ndipo nthawi yowafunsa ndi mu Okutobala, mitambo isanasonkhane. Khansala atiuze ngalande zimene zafukulidwa. Phungu atiuze ndalama zimene zapita ku mipope ya madzi. Nduna itiuze malo amene yakonzera mabanja omwe akugonabe m'munsi mwa miyala ya Soche, pamene mvula ya chaka chino ikubwera.