Malume ndi Mfuti ya Mark 4

Kwathu ku Mbamba Bay mwamuna amadziwika ndi bwato ndi ukonde wake, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 panali nkhani ina imene abambo ankakanganapo mpaka dzuwa kulowa kutsidya ku Nkhata Bay. Funso linali lakuti, pa chandamale mfuti yodalirika ndi iti? Nkhondo ya FRELIMO ndi Apwitikizi inali pafupi, kuseri kwa malire a ku Chiwindi, ndipo boma la Mwalimu Nyerere linkaphunzitsa anthu a m'midzi usilikali wa mgambo. Anyamatafe tinkalowa ndi mtima wonse, poti amene walasa pakati tsiku la chandamale ankayenda chotukumula chifuwa mwezi wathunthu.

Woweruza mikangano imeneyi anali malume anga, alongo awo a mayi. Iwo anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali mu King's African Rifles, ndipo nkhani ya mfuti ankaiyamba patali. Ankayambira pa gogodela wa makolo, amene anzathu a Chiswahili amati gobori: uthire onga kukamwa, usinje ndi ndodo, uponyemo mtovu, ndiye pomwe ukutero nguluwe yamaliza chinangwa. Kenako ankafika pa asilikali akuda a Ajeremani, amene mu 1914 ambiri anali ndi Mauser yakale ya 1871, yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, yotulutsa utsi wochuluka moti mdani ankadziwiratu pamene wabisala. Apa sankalephera kuloza kumpoto, ku Liuli, kumene mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda.

Mtima wawo wonse unali pa Lee-Enfield ya .303, imene kwathu timangoti Mark 4. Kuwaona akuigwira kunali kokoma. Ankagona chafufumimba pamchenga, thako la mfuti lili paphewa, lamba atamukulunga kumkono wamanzere. Dzanja lamanja linkakweza kampira ka bolt, kukoka, khoko la chipolopolo n'kudumphira pambali, kukankha, kutsitsa, zonsezo tsaya lisanachoke pamtengo wa mfuti. Ankatifotokozera kuti bolt ya Lee-Enfield imakwera pang'ono chabe ndipo mano ake amaluma kumbuyo, n'chifukwa chake imathamanga m'manja. Ya Mauser ya 1898 mano ake amaluma kutsogolo, pafupi ndi chipolopolo, choncho imagwira molimba ngakhale ili yochedwerapo. Chilema cha mfuti yawo sankachibisa. Ankati zipolopolo zikanyowa ndi mvula Mark 4 imayamba kuponya kwina, ndipo asanazilowetse ankazipukuta chimodzichimodzi ndi m'mphepete mwa malaya.

Ife maso athu anali pa SAR yochokera ku China. Monga Mark 4, nayonso imanyamula zipolopolo 10, koma imadzikokera yokha ndi mphamvu ya mpweya wa onga, iwe n'kumangopana chala. Inali yopepukirapo ndipo sinkamenya phewa ngati .303. Malume sankainyoza. Ankavomera kuti pankhondo ya m'thengo, mdani ali pafupi, imeneyo ingakupulumutse. Koma pa chandamale ankapukusa mutu. "Mphwanga," ankatero kwa ine, "mfuti yodzikokera yokha imapatsa chala changu chimene diso lilibe. Ukakoka wekha umapeza mpata wopuma, woyang'ana mphepo, wofunsa kumene chapita choyambacho." Ankawonjeza kuti mu SAR zitsulo zimayenda chipolopolo chikangophulika, pamene mu Mark 4 zonse zimakhala phee mpaka mwini wake atazigwedeza.

Mphepo ankaiwerenga ngati msodzi wa usipa. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira ankaona masamba a mgwalangwa ndi fumbi la pamchenga, n'kutiuza kuti tidikire kaye. Ankatiphunzitsa kutulutsa mpweya theka, kuugwira, kenako kufinya chala pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire ngati yakudzidzimutsa. Lamulo lawo lalikulu linali la kamwa ya mfuti. Woloza mnzake, ngakhale mfuti ili yopanda kanthu, ankamuchotsa pamzere pomwepo, kaya ndi mwana wa mfumu.

Tsiku la chandamale akazi ankaima chapatali, ana atakwera pamiyala, ndipo kukalira mluzu wosiya kuwombera tonse tinkathamangira kukawerenga mabowo. Anyamata a SAR ankamaliza msanga, mabowo awo atamwazikana pepala lonse. A malume ankakhala pamodzi moti chikhatho chinkawaphimba. Iwo sankadzitama, ankangotola makoko n'kukapereka kwa mphunzitsi monga mwa lamulo, n'kupempha fodya.

Nditakula ndinadzamva kuti akatswiri a kunja anafika pomwe panali malume. Ku Bisley, ku England, kumene amapikisana kuwombera ngakhale pa mayadi 1,000, mfuti zawo ndi za bolt yokoka ndi dzanja, ndipo amalowetsa chipolopolo chimodzi nthawi imodzi. Pa masewera a Olympics, pa mpikisano wa mamita 50, ndi chimodzimodzi. Ku Bisley ambiri anasiya Lee-Enfield n'kutenga mfuti za mano olimba kuposa ake, zimene malume akanazimva akanadandaula pang'ono kenako n'kuvomera, poti chilemacho ankachidziwa kale.

Lero Mbamba Bay ndi likulu la boma la Nyasa, msewu wa phula unafika kuchokera ku Mbinga, ndipo asilikali a ku Burma anatha onse amene ndinkawadziwa. Adzukulu anga amene mukulowa mgambo kapena usilikali, mfuti iliyonse imene akupatseni ilemekezeni, koma mukafuna kuphunzira kulasa pakati, yambani ndi yokoka ndi dzanja, ndipo musawombere chachiwiri musanadziwe kumene chagwera choyamba.