Kodi Nsangwe Yasuntha?

Madzulo ena m'mwezi wa Novembala, titatuluka m'pemphero la pakati pa sabata, tidaima pabwalo la sukulu pamodzi ndi akulu a mpingo atatu, tirikuyang'ana kum'mawa ngati kuli mitambo. Mizere idali itatha m'minda yonse ya kuno kumapiri, mbeu iri chipachikire ku tsindwi, koma kumwamba kudali mbee. Pamenepo mkulu wina wa imvi adaloza ndi ndodo yache nati, "Siyo Nsangwe yatuluka. Makolo athu akaiona yakwera chotere madzulo, ankadziwa kuti mvula yayandikira. Nanga chaka chino bwanji?"

Mphwao wa mkuluyo, mnyamata wobwera ku Johannesburg chatsopano, adali chiimire pambali, ndipo adayankha kuti, "Amalume, musadalirenso nyenyezi zimenezo, zidasuntha. Ine ndidawerenga kuti nyengo ya Nsomba, ndiyo nyengo ya Chikristu, yatha, ndipo talowa m'nyengo ya Wotunga Madzi. Zakale zonse zirikupita, ndi Mpingo womwe."

Tiulule pano kulakwa kwathu. Tidamdzudzula mnyamatayo pamaso pa amalume ache, ndi kumuuza kuti nyenyezi sizisuntha, ndi kuti wabwera nazo nkhambakamwa za m'tauni. Iye adakhala chete, akulu aja nakondwera. Koma usiku umenewo tulo sitidatione, pakuti tidakumbuka phunziro lina la ku sukulu ya uphunzitsi limene tidaliloweza chifukwa cha mayeso, ndi kuliiwala mayesowo atapita. M'mawa tidafukula mabuku m'bokosi, ndipo tidapeza kuti m'mau a mnyamatayo mudali zoona ndi zabodza zosanganikirana, monga chimanga ndi gaga mu mtondo umodzi. Ife tidataya zonse pamodzi. Tsono tifuna kupeta bwino pano, chifukwa nkhani yotereyi idzafikanso m'midzi yanu.

Tiyambe ndi zoonazo. Kawiri pa chaka usana ndi usiku zilingana, pafupi ndi 20 Marichi ndi 23 Seputembala, ndipo masiku amenewo dzuwa lituluka kum'mawa kweni-kweni. Kuseri kwa dzuwa kuli nyenyezi usana womwe, koma kuwala kwache kuzibisa. Popita chaka, dzuwa lioneka ngati liyenda patsogolo pa magulu a nyenyezi, ndipo anthu akale a ku Babulo ndi Agriki adawerenga magulu 12 pa njira imeneyo, nawapatsa maina monga Ng'ombe, Nkhosa, Nsomba ndi Wotunga Madzi. Munthu akapenda pamene dzuwa laima pakati pa nyenyezizo tsiku lija la Marichi, mdzukulu wache nadzapendanso atakalamba, adzapeza kuti malo aja abwerera m'mbuyo pang'ono. Muyeso wache ndi digiri imodzi pa zaka 72. Digiri imodzi ndiyo kukula kwa miyezi iwiri yathunthu yoikidwa mogundana kumwamba. Kuti malo aja azungulire thambo lonse ndi kufikanso poyambira, pafunika zaka ngati 25,800.

Woyamba kuzindikira ichi adali Mgriki dzina lache Hipparchus, amene adagwira ntchito pa chisumbu cha Rhodes zaka ngati 130 Kristu asanabadwe. Iye adalibe galasi loonera kutali. Adangoyesa malo a nyenyezi yowala yotchedwa Spica, nafanizira ndi muyeso umene Timocharis adausiya zaka ngati 150 m'mbuyomo, napeza kusiyana kwa madigiri awiri. Timlemekeza munthu ameneyu chifukwa sadafulumire kunena kuti mnzache wakaleyo adalakwa, monga tidachitira ife ndi mnyamata uja.

Chisunthitsa malowo n'chiani? Funsani ana anu, pakuti ali nacho chitsanzo m'manja. Mwana akakwapula nguli pabwalo, nguliyo izungulira mwaliwiro, koma mukaipenyetsa mudzaona kuti mutu wache upendekeka nulemba bwalo lina pang'ono-pang'ono. Dziko lathu liri chomwecho. Lizungulira kamodzi pa tsiku liri chipendekere madigiri 23 ndi theka, ndipo siliri lobulungira bwino, koma lotupa pamimba ngati dzungu: kupingasa kwache pamimba kupambana kwa kumutu ndi kumiyendo ndi makilomita 43. Mwezi ndi dzuwa zikoka pa chotupacho, ndipo dziko lipukusa mutu monga nguli. Isaac Newton ndiye adalongosola chifukwa chimenechi m'chaka cha 1687. Tsono si nyenyezi zimene zichoka pamalo pao. Ndife okwera pa nguli amene tiziyang'ana mopendekera kwina.

Umboni wache tiuona ndi maso kuno kwathu. Madzulo a miyezi yokolola, Mtanda wa Kumwera uimirira bwino pamwamba pa mapiri athu. Ptolemy, amene adalemba ku Alexandria pafupi ndi chaka cha 150, adawerengera nyenyezi za Mtandawo m'buku lache, pakuti zidali kuoneka kumeneko. Lero munthu wa ku Alexandria sangauone wathunthu, udamira kumwera.

Nanga Nsangwe? Dzina limeneli ndi lathu lakale, ndipo otembenuza Buku Lopatulika adaliika m'buku la Yobu pamodzi ndi Akamwiniatsatana. Mitundu inanso idaitcha ndi dzina la khasu: Azulu ati isiLimela, Aswahili ati Kilimia, ndipo khutu liri lonse limva kulima m'mainawo. Makolo sadalakwe kuiyesa kalendala wao. Koma chaka chowerengera nyenyezi chitalika kupambana chaka cha dzinja ndi chirimwe ndi mphindi 20. Mphindi zimenezo zikaunjikana zipanga tsiku limodzi pa zaka 72, ndipo Nsangwe ichedwa tsiku limenelo. Chionere Dr Livingstone nyanja yathu mu 1859, Nsangwe yachedwa masiku awiri ndi kachidutswa. Chibadwire Ambuye yachedwa masiku ngati 28. Akafula amene adalemba zofiira pa miyala ya Mphunzi ndi Chencherere, m'dera la Chongoni, adaiona ikutuluka madzulo msanga kuposa ife, ndipo pa zaka 500 ziri zonse zimene tibwerera m'mbuyo tichotse sabata imodzi. Zikadzapita zaka 13,000, ngati Mulungu adzasunga dziko kufikira pamenepo, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zidzakhala nyenyezi za madzulo ozizira a Juni, pamene anthu a ku Dedza aotha moto.

Kufikira pano mnyamata uja adanena zoona. Gaga ayamba pamene openduza nyenyezi alowa m'nkhaniyi. Iwo agawa zaka 25,800 zija pa magulu 12, napeza zaka ngati 2,150 pa gulu liri lonse, nazitcha nyengo zazikulu. Ati dzuwa la Marichi likaima m'gulu lakuti, mitima ya anthu, maufumu ndi zipembedzo zitsata chifaniziro cha gululo. Ati pa nyengo ya Ng'ombe anthu adapembedza ng'ombe, ndicho chifukwa cha mwana wa ng'ombe wagolidi uja wa m'chipululu. Pa nyengo ya Nkhosa atchula nkhosa ya Abrahamu ndi ya Paskha. Pa nyengo ya Nsomba atchula asodzi a ku Galileya ndi chizindikiro cha nsomba cha Akristu oyamba. Tsono ati ikudza nyengo ya Wotunga Madzi, imene Azungu aitcha Aquarius, ndipo idzafafaniza za Nsomba.

Tivomere kuti nkhaniyi ikoma m'khutu, ndipo munthu wodziwa Baibulo pang'ono ikhoza kumgwira. Komatu si nzeru yakale monga aiyesera eni ache. Hipparchus ndi Ptolemy sadaphunzitse nyengo zoterezi. Zidayamba kumera m'mabuku a ku Ulaya kumapeto a zaka za m'ma 1700, pamene anthu onga Charles Dupuis wa ku France, m'buku lache la 1795, adayesa kuonetsa kuti zipembedzo zonse zidachokera ku nyenyezi. Ndipo mukaiyesa ndi Malembo omwewo, ipasuka msanga. Aisrayeli adapereka ng'ombe ndi nkhosa pa guwa limodzi masiku ao onse. Solomo adakhazika thawale lamkuwa la m'Kachisi pa ng'ombe 12, nyengo ija ya Ng'ombe itatha kale-kale monga mwa kuwerenga kwao. Akristu oyamba adalemba nsomba chifukwa malembo a liu lakuti nsomba m'Chigriki ndiwo malembo oyamba a maina a Ambuye wathu. Munthu wofuna ng'ombe m'mbiri ya zaka 2,000 adzaipeza ndithu, wofuna nsomba adzaipezanso. Kuno kwathu Angoni aweta ng'ombe kumapiri pamene anzathu a ku Mtakataka akoka makoka kunyanja, onsewo pansi pa dzuwa limodzi. Mukauza msodzi kuti nyengo ya Nsomba yatha, adzakufunsani ngati nyanja yaphwa.

Chimene chidatikhutitsa koposa ndi ichi, kuti zifaniziro zija siziri kumwamba konse, ziri m'mitu ya anthu. Pamene Agriki adaona lamba wa mlenje, makolo athu adaona akamwini atatu otsatana pa njira. Ndani mwa iwo adalakwa? Agriki aika Nsangwe pa phewa la Ng'ombe yao, naika nyenyezi yofiira Aldebaran pa diso lache. Koma kuunika kwa Aldebaran kuyenda zaka ngati 65 kuti kutifike, pamene kwa Nsangwe kuyenda zaka zoposa 400. Sizikhala pamodzi ai. Ziri ngati moto wa lupsa pa phiri la pafupi ndi moto wina pa phiri la kutali, imene usiku ioneka yoyandikana, chinkana pakati pao pali ulendo wa tsiku. Ng'ombe yotere idzalamulira bwanji mtima wa munthu?

Ndiponso maguluwo salingana kukula, ndipo alibe malire oikidwa ndi Mlengi. Malire amene akatswiri a zakuthambo atsata lero adasindikizidwa mu 1930, ndipo powerengera malire amenewo dzuwa la Marichi likali mu Nsomba, lidzalowa mwa Wotunga Madzi pafupi ndi chaka cha 2600. Openduza okha sagwirizana: ena ati nyengo yatsopanoyo idayamba zaka mazana zapitazo, ena ati yayamba m'masiku athu, ena ati yatsala zaka mazana. Mlandu umene mboni zache zisiyana chotere, nyakwawa iri yonse ikanautaya. Ndi kusuntha komweku kwawachititsa manyazi pa zolosera zao za m'nyuzipepala: wobadwa kumapeto a Marichi amuuza kuti ali wa Nkhosa, pamene tsiku lache lobadwa dzuwa lidali mu Nsomba.

Tatsala ndi funso la mkulu uja, la mvula, ndipo pano tiyende mosamala, kuti tingatayenso chimanga. Kupukusa kwa dziko kukhudza mvula ndithu, koma mwa njira ya kutentha, osati ya zifaniziro. Njira ya dziko pozungulira dzuwa siiri bwalo leni-leni, ndipo masiku ano tiyandikira dzuwa koposa kuchiyambi kwa Januwale, pakati pa dzinja lathu. Zaka ngati 11,000 zapitazo kuyandikirako kudali kugwa pakati pa chaka, nthawi yotentha ya maiko a kumpoto, ndipo mvula idalowa kwambiri m'dziko limene lero liri chipululu cha Sahara. Kudali nyanja ndi msipu, ndipo pa miyala ya kumeneko, monga ku Tassili m'dziko la Algeria, anthu adasiya zithunzi za ng'ombe, mvuu ndi akadyansonga. Dzikolo lidauma zaka ngati 5,000 zapitazo. Izi nzazikulu, koma ziyenda ndi zaka zikwi. Mvula ikachedwa masabata atatu chaka chino, Nsangwe iribe mlandu, pakuti iyo ichedwa mphindi 20 zokha.

Loweruka lache tidaitana mkulu uja ndi mphwao pakhonde pathu. Tidabwereka nguli kwa mwana wa sukulu, ndipo akazi opita kumadzi adaima kuseka poona mphunzitsi wa imvi alikulimbana ndi chikwapu. Tidapepesa kwa mnyamatayo pamaso pa amalume ache, popeza pamaso pao pomwepo tidamchititsa manyazi, ndipo tidawafotokozera zonsezi monga tazilemba pano.

Mkuluyo adakhala nthawi alikuwerenga pa zala, nati, "Aphunzitsi, zaka zanga zapitirira 70. Ndiye kuti chibadwire ine Nsangwe yachedwa tsiku limodzi lokha?" Tidavomera. Iye adati, "Tsiku limodzi ndimalitaya ine pa maliro amodzi. Ndidzaiyang'anabe."

Mnyamatayo sadagonje pa zonse. Adati ngakhale malire aja ndi a anthu, iye aona ndi maso ache kuti dziko lirikusintha, ndi kuti anzache ambiri ku Johannesburg salowanso m'kachisi. Pa ichi sitidamtsutse, koma tidamfunsa ngati anzachewo adaleka kupemphera chifukwa cha nyenyezi, kapena chifukwa cha ntchito ya Lamulungu ndi kusowa wowayendera. Adaseka, napempha buku lathu lija la zakuthambo kuti akawerenge yekha. Mvula idagwa patapita masabata awiri, tidabzala tonse, ndipo chimanga chafika m'mawondo. Bukulo sanabweze.