Vayolini ya a Kuijken ndi kaligo wa malume anga

Abale anga a kuchigwa, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, ndikulemba kuchokera kuno ku Leuven, m'dziko la Belgium. Amene munatopa ndi kulongolola kwanga mungodutsa, chifukwa lero ndatalikitsa.

Agogo amene ndimawasamalira kuno amakonda nyimbo zamakedzana. Tsiku lina anati ndiwakankhe pa njinga yawo tikamvere gulu la La Petite Bande. Ine ndinkayembekeza kuona bambo wa jekete akugwedeza kandodo kutsogolo. Ayi ndithu. Mtsogoleri wawo, a Sigiswald Kuijken, mkulu wobadwa mu 1944, anaima pamodzi ndi anzawo, vayolini ili paphewa, n'kumawatsogolera ndi maso ndi mpweya basi. Ndinakumbuka wa mbalule kubwalo: salankhula, koma akangosintha dzanja, wa mpanje wamva kale.

Nyimbo ikatha, onse ankayamba kupotokola zikhomo, kuchuna, kuchunanso. Ndinanong'oneza agogowo kuti, "Kodi zida zawozi n'zakutha?" Anaseka mpaka kutsokomola. Nsambo zake si za waya, n'za matumbo a nkhosa, monga zinalili m'masiku a wopeka nyimbo Bach, amene anamwalira mu 1750. Matumbo amamva nyengo. Anthu akadzaza m'nyumba, mpweya n'kufunda, nsambo imalefuka. Pomwepo m'maso mwanga munabwera moto wa mapesi pambali pa bwalo, anyamata akuwamba ng'oma, kuigogoda ndi chala, kuibwezanso kumoto, wina akumata phula pakati.

A Kuijken moyo wawo wonse wathera pa kufukula kaimbidwe kakale. Mu 1969 anasiya kupanikiza vayolini ndi chibwano, n'kumangoitsamiritsa paphewa monga ankaonera pa zithunzi zakale. Gulu lija analiyambitsa mu 1972, ndipo anaphunzitsa ku The Hague kuyambira 1971 mpaka 1996. Mu 2004 anadzutsa violoncello da spalla, chida chokolekera m'khosi ndi lamba chimene chinali chitaiwalika. Zonsezi amazitola m'mabuku, m'zithunzi ndi m'zida zosungidwa, chifukwa eni kaimbidweko anagona kalekale. Alibe gogo woti akamufunse.

Ife agogo oti tiwafunse tikadali nawo, n'chifukwa chake zikundiwawa.

Malume anga anali ndi kaligo. Kachibekete kokutidwa ndi chikopa cha ng'azi, nsambo imodzi ya khonje, kauta kamene ankakanyowetsa ndi malovu asanayambe. Ankaimba madzulo pakhonde, mawu awo ndi a kaligo akupikisana kudandaula, osadziwika akulira ndani. Ife ana a sukulu tinkaseka, ati zapamowa. Atamwalira, kaligo anatsala patsindwi mpaka chiswe chinam'maliza. Mwa adzukulu tonse palibe amene anagwirako kauta kaja, ine ndemwe.

Ku Mua tinachita mwayi. Bambo Claude Boucher, amene tinawatcha a Chisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni mu 1976, ndipo m'nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare muli nkhope za gule zoposa 400. Ndimayamika. Koma nkhope yapakhoma siimba. Ng'oma za gule sindizidera nkhawa kwenikweni: UNESCO inam'lemekeza gule mu 2005, koma amene akusungadi kaombedwe ndi a kudambwe, popanda satifiketi (zina za kumeneko si zolemba pa Facebook, eni ake mwandimva). Nkhawa yanga ili pa kaligo ndi bangwe, zida za munthu mmodzi, zimene zimapita naye kumanda. Wofufuza za nyimbo Hugh Tracey anajambula oimba a kwathu mu 1958, ndipo kuti uwamve bwino, nyimbozo zikusungidwa ku Makhanda, ku South Africa.

Nditabwera kumudzi ulendo wathawu, magetsi anazima kwaya ili pakati pa nyimbo. Kiyibodi inangoti zii, kwaya nayonso zii. Ng'oma inalipo pakona, atasanjikapo mabuku.

Musaganize kuti kuno zonse zili bwino. Mu 2012 boma la chigawo cha Flanders, kuno ku Belgium, linaganiza zosiya kupereka ndalama ku gulu la a Kuijken, ndipo tsiku lija tinakawamvera, m'mipando munali imvi zokhazokha, wamng'ono ndinali ine wokankha njinga.

Ndikubwera mu Ogasiti. Amene mukudziwa mkulu woimba kaligo kapena bangwe, kaya ku Golomoti, ku Mua kapena kunyanja, ndilembereni pansipa. Ndidzafika ndi foni yojambulira, shuga ndi mphwanga wa zaka 12 amene wavomera kuphunzira. Chonde musawagulire waya watsopano ndisanafike. Nsambo imene ilipoyo ikhale momwemo.