Tinazimitsa Injini pa Dambo la St Lucia

Tinanyamuka m'tauni ya St Lucia m'bandakucha, ana akusinza kumpando wakumbuyo. Tauniyi ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Zikwangwani za m'misewu yake zimachenjeza kuti usiku mvuu zimavuuka kudzadya msipu pafupi ndi nyumba za anthu. Kumapeto kwa tauni kuli chipata cha malo otetezedwa a iSimangaliso, dzina la Chizulu lotanthauza chodabwitsa. Bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999, ndipo kumeneku kumapezeka mitundu ya mbalame yoposa 500.

Kuchokera pachipata kukafika ku gombe la Cape Vidal ndi makilomita pafupifupi 30. Poyamba tinkayenda ngati tachedwa kuukwati. Mbidzi ndi mphoyo tinaziona, koma pazithunzi panatuluka michira yokhayokha. Titafika pa thamanda lina lodzaza maluwa a m'madzi, tinaima n'kuzimitsa injini.

"Amayi, pano palibe chilichonse," anadandaula wamng'ono.

Tinangokhala chete. Patapita mphindi 10, dambo linayamba kutionetsa zake. Kakowa amene tinkamuyesa pepala anasuntha khosi. Kambalame ka zala zitalizitali kanayenda pamwamba pa masamba oyandama osamira. Chipika cha kutsidya chinatsegula diso: inali ng'ona. Mpake malamulo a kuno salola kutsika m'galimoto, kupatula pamalo oikika.

Kenako nkhwazi inalira pamtengo wouma, mutu itaponya chagada, kulira komwe kuja timakumva ku Mangochi. Kamera inali itatsamira pa kathumba ka mpunga pawindo kuti isagwedezeke. Bambo a ana ali mkati moikonza, nkhwazi ija inatsika, n'kutsompha nsomba, ulendo. Chithunzi chinagwira madzi okha. Koma ana, omwe analibe chowatangwanitsa m'manja, anaona zonse, ndipo mpaka lero amatifotokozera ife akuluakulu.

Dera limeneli silinali chonchi nthawi zonse. Kwa zaka zambiri mbali yaikulu inali minda ya mitengo ya paini. Mitengoyi imamwa madzi ochuluka a pansi pa nthaka, choncho matamanda ankaphwa. Itadulidwa, madzi anayamba kubwerera. Kunabweranso achule ndi nsomba, mbalame n'kutsatira chakudya chawo. Zitsa zina zikuonekabe m'udzu.

Ku Cape Vidal tinafika masana, ulendo wosakwana ola utatitengera maola 5. Tikudya kamba wathu pamchenga, nkhani inali ya dambo la kumudzi kwathu, kumene agogo ankatunga madzi ngakhale mu Okutobala. Tinabzalamo bulugama ndife tomwe, ndipo chitsime chija chinauma kalekale.

"Ndiye tikaidula, akakowa abweranso?" anafunsa wamkulu.

Tinamuuza kuti tikakambirana ndi amalume ake tikapita kumudzi.