Ku Thyolo, tiyi adamera m'manja mwa alendo

Mukakwera minibasi pa Limbe n'kulowera msewu wa ku Thyolo, mukangodutsa pa Bvumbwe maso amayamba kudya zobiriwira zokhazokha. Tiyi wayalidwa ngati mphasa, kukwera zitunda mpaka m'tsinde mwa phiri la Thyolo. Uku Satemwa, uku Conforzi, apo Makandi, apo Naming'omba. Amayi ndi abambo, madengu kumsana, ali kalikiliki kuthyola masamba awiri ndi kansonga kake.

Koma tsikani minibasiyo, abale, mutsate ana omwe amadutsa m'tinjira ta m'minda m'mamawa chifunga chili tolotolo, makope ali m'majumbo a shuga. Akupita ku sukulu za pulayimale zomwe zili m'maesiteti ndi m'midzi yozungulira. Chichotsereni fizi boma la a Bakili Muluzi mu 1994, makalasi ngodzaza zedi, ena pansi khale, mphunzitsi mmodzi mawu mpaka kusasa.

Tsono tawafunsani anawa kuti agogo a agogo awo adachokera kuti. Ambiri angokuyang'anani. Chonsecho ochuluka mwa iwo ndi Alomwe, zidzukulu za anthu omwe adawoloka malire kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala. Azungu a maesiteti adawapatsa pomanga, malipiro ake thangata, kulima m'munda wa bwana mopanda kuwiringula. Ankawatchula dzina lonyoza loti Anguru, mpaka bungwe lomwe a Lewis Bandawe adatsogolera m'ma 1940 lidalimbana kuti azitchedwa Alomwe. Tiyi mukumwayo adakula ndi thukuta la anthu othawa kwawo.

Mbiri idadzabwerezanso. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta mu 1986, anthu adakhamukira kuno mpaka kupitirira miliyoni imodzi. Ku Nsanje, ku Mulanje, ku Dedza, ku Ntcheu, mafumu adagawa malo, ndipo mabanja ena adangofikira kwa abale awo a chilankhulo chimodzi. Ambiri adabwerera kwawo mtendere utasayinidwa ku Rome mu 1992. Paja amati mlendo ndi mame.

Nanga zonsezi mwana wa sitandade 5 amazimva kuti? Chilomwe chenichenicho chikutha ngati makatani, achinyamata ambiri amangodziwa moni basi. Gule wa tchopa, wa zikopa, nthenga ndi akatundu kumsana uja, bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2014. Mulhako wa Alhomwe umasonkhana chaka ndi chaka pa Chonde ku Mulanje. Koma kumeneko kumakhala akuluakulu, andale ndi magalimoto awo. Mwana wa wothyola tiyi ndalama ya thiransipoti aitenga kuti?

Anzathu a ku Wales, dziko laling'ono la ku Britain, adaiona kale nkhaniyi. Nawonso chilankhulo chawo chidatsala pang'ono kumezedwa ndi Chingerezi. M'zaka za m'ma 1800, m'sukulu zina mwana akalankhula Chiwelsh ankamukoloweka kathabwa m'khosi ngati chilango. Enafe tikukumbukira bwino za “vernacular speaker” m'makalasi athu omwe, eti? Lero pa 1 Malichi, tsiku la St David, ana a pulayimale kumeneko amavala zovala za makolo, kumata duwa la daffodil pachifuwa, n'kupikisana pa nyimbo ndi ndakatulo pa mwambo wotchedwa eisteddfod. Ndipo kukonda zawo sikudawachititse kutseka chitseko. Mu 2019 boma lawo lidalengeza cholinga choti Wales akhale dziko lothawirako ovutika, ndipo mu 2021 bungwe la achinyamata la Urdd lidasunga mabanja othawa ku Afghanistan pa malo ake a ku Cardiff.

Ife bwanji? Mu 2023 tidaona apolisi akukweza m'malole mabanja othawa kwawo, ndi ana a sukulu omwe, kuwabweza ku Dzaleka ku Dowa. Kumapeto a 2024 anthu zikwizikwi adalowanso ku Nsanje kuthawa ziwawa za chisankho ku Mozambique. Mtsinje wa Ruo suli patali ndi minda ya tiyiyi. Mawa akhoza kugogoda pa Thekerani.

Aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi inu eni maesiteti, nkhani yake njosafuna madona. Patulani tsiku limodzi pa chaka. Itanani agogo a m'midzi ndi ng'oma zawo pa bwalo la sukulu, avine tchopa, aphunzitse ana kuwerenga m'Chilomwe, awauze njira yomwe makolo adadzera ndi yemwe adawapatsa phala tsiku loyamba. Mwana amene wamva zimenezi sadzatchula mnzake wachilendo dzina lonyoza. Adzamusunthira pa benchi.