Misasa ya Abusa a Nkhosa ku Mapiri a Tatra

Tiyeni tilingalire za misasa yamitengo ya abusa a nkhosa ku mapiri a Tatra, m'dziko la Poland. Abusawo amakwera ndi nkhosa mu Meyi, natsika kumapeto kwa Seputembala. M'msasamo moto suzima, ndipo utsi wake umawamba tchizi chotchedwa oscypek. Boma litakhazikitsa malo otetezedwa kumeneko mu 1954, nkhosa zinachotsedwa pang'onopang'ono. Misasa yambiri inagwa, nkhalango nayo inayamba kumeza mabusa. Mu 1981 anabwezeretsako nkhosa zochepa. Ife amene tinakula tikuweta ziweto tikumvetsa: msasa umalimba ndi moto wa okhalamo. Cholowa chimene tileka kuchigwiritsa ntchito chimawola maso athu akuona.